Dzimbiri Pansi pa Kapeti

1. Mkangano m'galaja

"Nanga ndani adzagwade n'kumasuzumira kunsi kwa galimoto, amalume?"

"Msewu udzasuzumira."

"Msewu ulibe maso."

"Uli ndi maenje, mphwanga. Maenjewo ndiwo maso ake."

Tinali titaima mbali imodzi ya galimoto, chitseko chakumbuyo chili chotsekula, kapeti yakale itaponyedwa pansi. Pamene panali kapetiyo, pamalo poponda munthu wokhala mpando wakumbuyo, chitsulo chinali chitadyeka ndi dzimbiri. Pakati pake panali bowo lokwana mbale. Ukasuzumira umaona simenti ya m'galaja.

Amalume ndi mlongo wawo wa amayi, mmisiri wowongola ndi kupenta magalimoto. Ine ndinali nditangolemba mayeso omaliza a kusekondale. Amayi atatopa n'kundiona ndikuyang'ana denga tsiku lonse, ananditumiza kugalaja kuti manja aphunzire kanthu podikira zotsatira.

Galimotoyo inali ya malemu bambo anga. Ndi ija amati sitesheni wagoni, yaitali kumbuyo, ya chitseko chachisanu chotsekukira m'mwamba. Anthu a mumsewu mwathu ankaitcha Chimsana. Bambo atamwalira inakhala kuseri kwa nyumba, pamiyala, mpaka nkhuku zinayesa kwawo. Amayi anati tikaidzutsa idzakhala yanga ndikadzapeza laisensi.

Injini amalume anali ataidzutsa kale. Mabuleki ankagwira. Chotsala chinali thupi, lomwe tsopano linali la mawangamawanga ngati galu wa mphere: apa chitsulo choyera, apa pulaima wotuwa amene amapaka penti isanabwere, apo penti yakale. Pa shelefu panali chitini cha penti ya buluu chosatsekula. Ndinkachiyang'ana kawirikawiri kuposa mmene ndinkayang'anira mabuku.

"Loweruka iyenera kutuluka," ndinatero.

"Loweruka liti? Chaka chino chili ndi ambiri."

"Likubwerali."

Amalume anapukuta manja pa ovolosi n'kundiyang'ana. "Kodi iwe ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Penti," ndinayankha.

Sindinawauze zonse. Patsidya pa msewu panali shopu ya atelala, ndipo atelalawo anali ndi mwana wamkazi amene tinkaphunzira naye sukulu imodzi, ngakhale anali patsogolo panga kalasi imodzi. Tonse tinkamutcha Kasingano, chifukwa anali wochepa thupi ndipo mawu ake ankabaya. Loweruka limenelo ankanyamuka kupita kumzinda wakutali kukaphunzira za unamwino. Ine ndinali nditamulonjeza kuti adzapita kudepoti pa galimoto ya buluu, yonyezimira moti anthu adzaphimba m'maso. Mnzanga Giya, amene amayendetsa minibasi, anavomera kudzagwira chiwongolero. Ine ndi Kasingano tidzakhala kumbuyo, mawindo otsekula, mphepo ikuseweretsa mpango wake. Ulendo umenewu ndinali nditauyenda kambirimbiri m'mutu. Mawu amene ndinkalephera kumuuza chaka chonse ndinawasungira pampando umenewo.

2. Maginito a amalume

Amalume anapisa m'thumba n'kutulutsa kachitsulo kozungulira, kakuda. Anali maginito ochotsa mu sipika ya wailesi yakufa. Sankasiyana nawo.

Anawaika pachitseko. Anamata. Anawasuntha pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa tayala lakumbuyo, pomwe panali penti yakale yosalala bwino. Atangowasiya, maginito aja anagwa pansi n'kugubuduka.

"Tola," anatero. "Ndipo umve bwino, chifukwa sindibwereza.

"Apa pamene maginito agwapa, munthu wina kale anapeza dzimbiri. Sanafune kuvutika. Anatenga fila, phala lija timatsekera timaenje, anamata mulu wonse, anasalaza, anapenta. Mwini galimoto anaomba m'manja. Bambo ako anagula osadziwa. Lero tikugumula ife, ndipo dzimbiri lomwe linali ngati ndalama yachitsulo lakula ngati chikhato. Dzimbiri ukalifunditsa silifa, mphwanga. Limasangalala. Limadya mwakachetechete ngati chiswe, kunja kukuwala.

"Fila si woipa. Ntchito yake ndi kusalaza khungu, wopyapyala ngati chikhadabo. Koma fila si chitsulo. Sanyamula munthu. Pamene pabooka timadula mpaka tipeze chitsulo chamoyo, tidule chigamba cha lata wolimba, tiwotcherere, tipale, tipake mankhwala, tidikire. Kenako pulaima, tidikirenso. Penti imabwera pamapeto ngati mlendo wolemekezeka, nyumba itasesedwa.

"Anyamata a masiku ano mumakonda zonyezimira. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndaona magalimoto okongola atang'ambika pamsewu ngati pepala, ndipo amene amatuluka magazi si mmisiri wonamayo ayi. Ndi munthu wosalakwa amene anangokhulupirira penti. Mmisiri aliyense amatha kunamiza maso. Maginito sanamizika. N'chifukwa chake ndimayenda nawo m'thumba, kuti azindichititsa manyazi ndisanachite manyazi pagulu."

Ndinawabwezera maginito awo. Anakana.

"Sunga. Mawa ndikupita kunja kwa tauni kukaona lole ina yomwe yagwera m'ngalande. Ndikagona komweko. Makina owotcherera usawakhudze, sunawadziwe. Iwe upale denga ndi zitseko ndi sandipepa. Bowoli tidzalione ndikabwera."

"Ndiye Loweruka?"

"Loweruka lidzafika ngakhale galimoto isatuluke. Silidikira penti."

3. Nzeru za Giya

M'mawa mwake ndinali pamwamba pa galimoto, ndikupala denga, fumbi lili thoo m'mphuno. Chakumasana Giya analowa akuzunguza makiyi pachala. Minibasi yake anali ataisiya kotsukitsa.

"Wamaloto! Akuluwo ali kuti?"

"Achoka. Abwera mawa madzulo."

"Nanga nkhope yagweranji ngati tayala lophwa?"

Ndinamuonetsa bowo lija. Anaseka mpaka kugwira bondo.

"Kameneka? Aise, minibasi yanga ili ndi mabowo oti mwana akhoza kudutsa, koma imadya msewu tsiku lililonse. Amalume ako ndi a kale. Iwo akamakonza galimoto amakhala ngati akumanga tchalitchi. Bweretsa waya wa sefa."

"Anati fila sanyamula munthu."

"Munthu wake uti? Kasingano? Amene uja mphepo ikawomba amagwira mtengo? Taganiza, aise. Mtsikana akupita kumzinda. Kumeneko kuli madokotala, anyamata a magalimoto awoawo, onunkhira. Iwe akukumbukire ndi chiyani? Fumbi?"

Mawu amenewo anandilowa ngati minga.

Tinadula waya wa sefa n'kuuyala pabowo. Pansi pake tinachirikiza ndi katoni. Ndinasakaniza fila pa kabolodi, ndikuthira mankhwala ake oumitsa mpaka anasanduka wofiirira, ndipo ndinamata mokhuthala ngati ndikuzira nyumba. Atauma ndinasalaza. Ndinapopera pulaima, kenako utoto wakuda pamwamba. Kunena zoona, panaoneka bwino. Dzanja langa linali litaphunzira kusalaza.

"Waona? Ngati yochokera kufakitale," anatero Giya. "Bwezera kapeti. Mawa m'mawa upopere buluu wakoyo. Akamabwera akuluwo apeza galimoto ikuwala, akwiya pang'ono, kenako ayamba kuuza anthu kuti ndi ntchito ya mphwawo."

Atachoka ndinatulutsa maginito aja m'thumba, ndikufuna ndiwaike pa shelefu. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinawerama n'kuwaika pachigamba changa. Pachitsulo chenicheni amamata ndi kaphokoso, mpaka umachita kuwakoka. Apa anangokhala ngati mwala. Nditawakankha ndi chala, anatsetsereka.

Ndinawatola msanga, ndinayala kapeti, ndinatseka chitseko.

4. Phazi la Kasingano

Tsiku lotsatira ndinalawirira. Ndinamata nyuzipepala pa magalasi onse, pa nyali ndi pa matayala. Ndinathira madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Kenako ndinatsekula chitini. Buluu wake anali ngati kumwamba mvula itangokata. Ndinaima kanthawi ndikungomuyang'ana, ndikuona kale anthu a kudepoti akutembenuka.

"Odi kuno kwa amisiri!"

Anali Kasingano. Anaima pakhomo atanyamula mtolo wa nsalu zomwe bambo ake anamutuma kukapereka. Anavala nsapato zatsopano, zoyera, zomwe anagulira kusukulu ya unamwino. Ankayenda mosamala, kulambalala madontho a oilo.

"Ndimati ndione ndege yanga ya mawa," anatero. "Koma bwanji yavala nyuzipepala? Ikufuna ntchito?"

"Pofika madzulo suizindikira."

"Ndiizindikira ndi fungo la nkhuku." Anazungulira galimoto, akugogoda apa ndi apo. "Ine ndikhala pati?"

"Kumbuyo."

"Ngati bwana. Chabwino. Ndiyeseko, ndione ngati mpando wake ukundiyenera."

Anaika mtolo pa benchi. Anatsekula chitseko chakumanzere, chomwe chija. Anagwira denga ndi dzanja limodzi, n'kukweza phazi. Nsapato yoyera ija inalunjika pakati penipeni pa kapeti.

"Usaponde!"

Ndinamugwira mkono n'kumukokera kumbuyo. Anatsala pang'ono kugwa.

"Iwe, wapenga? Muli njoka?"

Ndikanatha kunena kuti pali penti yosauma. Ndikanatha kumuuza kuti alowere mbali inayo. Bodza linali pafupi, lokonzeka kale. M'malo mwake ndinakoka kapeti ija n'kuitaya pansi.

"Pali chiyani? Pali bwinobwino apa," anatero.

Ndinatenga hamala pa benchi. Ndinamenya kamodzi, osati mwamphamvu. Chigamba chinang'aluka ngati chigoba cha dzira. Nditamenya kachiwiri, fila, waya ndi katoni zinagwera pansi pa galimoto, ndipo m'mphepete mwa bowo munayoyoka dzimbiri lina. Bowolo linakula kuposa dzulo.

Kasingano anasuzumira. Anayang'ana simenti, n'kuyang'ana nsapato yake.

"Wamata ndani?"

"Ine."

"Ukudziwa kuti ndi pamene ndidzaponde?"

Ndinabweza hamala pa benchi.

"Ndiye mawa, galimoto ikuthamanga, ine mwendo uli pamsewu. Ndikanafika kuchipatala ndithu, koma osati ngati wophunzira." Sanaseke. "Ine sukuluyo sindinaiyambe, koma ndikudziwa kale kuti bala salimanga lisanatsukidwe. Iwe wakhala ndi amalume ako miyezi yonseyi."

"Ndimafuna usapite ndisana..."

"Usana chiyani?"

"Ndisanapente," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akudikira china. Kenako anatola mtolo wake.

"Mawa usavutike. Ine ndi bambo tiyenda pansi. Msewu wa kudepoti ulibe mabowo obisika."

5. Choko

Amalume anafika madzulo dzuwa likadalipo, atatopa, nsapato zili matope. Anaona nyuzipepala pa magalasi. Anaona chitini cha buluu, chomwe ndinali nditachitsekanso. Anawerama, anatola chidutswa cha fila chokhala ndi waya, n'kuchitembenuza m'manja.

"Anaika ndani ichi?"

"Ine, amalume."

"Nanga waswa ndani?"

"Ine ndemwe."

Anakhala pa tayala lakale n'kuvula chipewa.

"Wasalaza bwino," anatero. "N'zimene zikundiopsa. Mmisiri wosadziwa ntchito sanamiza munthu, chifukwa bodza lake limaonekera patali. Woopsa ndi wa dzanja labwino. Iwe dzanja uli nalo, ndaliona. Tsono udziwe kuti moyo wako wonse anthu azidzabwera kudzakupempha kuti uwafunditsire dzimbiri. Wina adzati ndikugulitsa mawa. Wina adzati ukwati ndi Loweruka. Onse adzakhala ndi zifukwa zomveka, ndipo ena adzakhala anzako. Tsiku limenelo ine sindidzakhalapo, monga sindinalipo dzulo.

"Sindikufunsa chimene chakuswetsa. Mwina ndi mantha, mwina ndi manyazi. Koma ndikuuze za malo amenewa. Tsiku limene unkabadwa, bambo ako anayendetsa galimoto ino ngati wamisala, ine ndili kutsogolo. Mlongo wanga anali kumbuyoku, mbali yomweyi, akuponda pansi apa ndi mphamvu zake zonse chifukwa cha ululu. Chitsulo chinapirira. Chikanakhala phala lakoli, bwenzi tikukamba nkhani ina, ndipo wokamba naye sakanakhala iwe.

"Amene umamuika pampando wakumbuyo ndi munthu amene wakupatsa moyo wake kuti umunyamulire. Saona msewu bwino, sagwira chiwongolero, sagwira buleki. Wangokukhulupirira. Uyambe wamukonzera poponda. Zonyezimira zidzabwera."

Anapisa m'thumba la pachifuwa n'kundiponyera choko.

"Gogoda ndi hamala kuzungulira bowolo. Pamene palira ngati belu, chitsulo n'chamoyo. Pamene palira ngati katoni, chafa. Ulembe mzere podutsa chamoyo chokhachokha. Lolemba ndikuphunzitsa kudula."

Ndinagwada n'kuyamba kugogoda. Mzere wanga unkangokulirakulira, mpaka unakafika pansi pa mpando.

"Kuseriko kuli wilibala," anatero amalume akusamba m'manja, osandiyang'ana. "Tayala lake ndinapopa. Ndamva kuti mwana wa atelala ali ndi katundu wambiri."

6. Ulendo wa wilibala

Loweruka m'mawa ndinatsuka wilibala ndi sopo, n'kuyalamo katoni yoyera. Ndinaikankha mpaka pakhomo pa shopu ya atelala. M'zikhadabo mwanga munali mukadali pulaima wotuwa yemwe anakana kuchoka.

Atelala anali panja, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa masiku onse, akulimbana ndi sutikesi yaikulu ndi chikwama cha mabulangete. Ndi bambo wosalankhulalankhula. Anayang'ana wilibala, anayang'ana ine, n'kukweza sutikesi ija pa wilibalapo.

Kasingano anatuluka atavala nsapato zoyera zija.

"Iyi ndiye ndege ija?" anafunsa. "Ya buluu?"

"Pansi pake ndi pa chitsulo chenicheni. Ukhoza kuyesa ndi maginito."

Pakamwa pake panagwedera ngati afuna kuseka, koma anadziletsa.

Tinauyamba. Atelala anali patsogolo, ife pambuyo, tayala likulira kwiii kwiii msewu wonse. Palibe amene anaphimba m'maso. Giya anatidutsa pa minibasi yake, anaimba hutala, n'kukuwa kuti, "Wamaloto, ikani giya yachiwiri!" Anthu a m'minibasimo anaseka. Thukuta linkatsikira m'maso ndipo ndinalibe dzanja lopukutira. Ulendo wonse umene ndinkaulota, wa mphepo ndi mpango, unathera pa kuzemba maenje kuti sutikesi isagwe.

Kudepoti basi inali italiza kale injini. Atelala anatenga sutikesi n'kupita nayo kumbali ina ya basi kukaonetsetsa kuti aiika bwino. Kasingano anakwera, anapeza mpando wa pawindo, n'kukankha galasi. Ine ndinaima pansi pake, ndikugwirabe zigwiriro za wilibala yopanda kanthu.

"Dzulo sunamalize," anatero. "Unati umafuna ndisapite usana... Ndipo usanenenso za penti. Penti ine sindidya."

Kondakitala anamenya mbali ya basi. Ndinatula wilibala pansi.

"Galimotoyo sindinkaifunira anthu," ndinatero. "Ndinkafuna malo oti ndikhale nawe pafupi, poti sungathawe, ndikuuze kuti ndimakukonda. Ndakhala ndikukukonda kuyambira tsiku lija unandiseka ukudutsa pawindo la kalasi yathu, ine ndili pa bolodi masamu atandikanika. Ndikufuna ukapite, ukaphunzire, koma usakandiiwale. Ukamadzabwera kutchuthi ndikufuna ndidzakutenge ndine, pa Chimsana, poponda pali polimba. N'zimene ndimafuna."

Kasingano sanandibaye ndi mawu. Anatsitsa maso, n'kuwakwezanso, koma sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, ndipo anaphimba pakamwa ndi dzanja.

Basi inayamba kusuntha. Kumbuyo kwanga munthu anatsokomola.

Nditatembenuka ndinapeza atelala ataima pafupi kwambiri, manja kumbuyo. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, ngati akundiyeza suti.

"Mnyamata," anatero, "ukaweruka Lolemba, ndikufuna udzandipeze kushopu. Ubwere wekha. Ndipo maginito amene umanena aja, udzabwere nawo."